Lipoti la nkhani: mtsikana wa zaka 8 amene ankangoti ndwii, ndi zomwe chipewa cha pa foni chinatiwonetsa

Mwana amene ndikumufotokoza pano ndinamuona ku kiliniki ya khunyu kuno ku Mulanje, komwe ndimagwira ntchito ya ukilinikale ofesa. Dzina lake, mudzi wake ndi sukulu yake sinditchula, chifukwa mayi ake analola kuti nkhaniyi ilembedwe pokhapokha mwanayo asadziwike. Ndinene poyambirira pomwe kuti mankhwala amene anamukulitsira vuto ndinamulembera ndine. Chimene chinandiululira kulakwitsa kwangako chinali foni ya Android ndi chipewa chansalu chokhala ndi timabatani 14.

Mmene anabwerera

Mtsikanayu ali Sitandade 3. Amakhala ndi mayi ake ndi agogo ake aakazi kumudzi wina chakumunsi kwa phiri, kufupi ndi mtsinje wa Ruo. Mayi akewo amathyola tiyi ku esiteti nyengo ya dzinja. Anabwera naye aphunzitsi atawaitanitsa kusukulu ndi dandaulo loti mwana ndi wamwano: ukamufunsa funso amangokuyang'ana ndwii, ndipo m'kope mwake ziganizo zambiri zimathera panjira. Anali atalawako kale chikwapu kangapo.

"Adokotala, kunyumbanso n'chimodzimodzi," anatero mayiwo. "Tikudya, mbamu ili m'manja, amangouma. Ndikamuitana sayankha. Kenako amapitiriza kudya ngati palibe chachitika, n'kumandifunsa kuti amayi mukundikalipiranji."

Nditafunsa kuti zimachitika kangati patsiku, anati sawerenga koma n'kambirimbiri, ndipo zinayamba miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Mwanayo sanagwepo, sanatulukepo thovu, sanadzilumepo lilime, sanadzikodzerepo. Pachifukwa chimenechi agogo ake anakaniratu zoti angakhale matenda a khunyu, poti wakhunyu amagwa n'kumaphupha. Iwo anali atapita naye kale kwa sing'anga, ndipo m'mbali mwa mutu munali mphini zimene zinali zitapola.

M'buku lake la kuchipatala munali chinthu chimodzi chachikulu. Ali ndi zaka 3 anagonekedwa masiku asanu ndi malungo aakulu, anakomokapo kangapo, ndipo analandira jakisoni wa artesunate. Kubadwa kwake kunali kwabwinobwino, anayenda ndi kulankhula pa nthawi yake. Ndinafunsanso za Mectizan, mankhwala a matenda a onchocerciasis, poti Mulanje ndi Thyolo ndi maboma amene muli matendawa, aja oyabwitsa thupi ndi kuwononga maso, ndipo m'madera ena a ku Uganda, South Sudan ndi Tanzania matendawa amayendera limodzi ndi khunyu mwa ana. Banjali limamwa chaka chilichonse odzipereka akamagawa, ndipo pathupi pa mwana panalibe totupa kapena zokanda. 

Pomuyeza analemera makilogalamu 23. Mlingo wa magazi unali 11.2, shuga ali bwino, malungo palibe, HIV palibe. Amamva bwino makutu onse awiri. Mayendedwe, mphamvu za manja ndi miyendo, maso, zonse zinali m'malo mwake. Pa mphindi zochepa zimene anakhala m'chipinda changa sanaume ngakhale kamodzi.

Pamene ndinaphonya

Maganizo anga anathamangira ku malungo aja. Ndipo sikuti ndinangolota. Kafukufuku amene Gretchen Birbeck ndi anzake anachita pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anapulumuka ku malungo a mu ubongo, ndipo 12 mwa iwo anadzapezeka ndi khunyu pambuyo pake, pamene mwa ana 264 owayerekezera nawo munalibe ndi mmodzi yemwe. Chipsera chimene malungo amasiya mu ubongo kawirikawiri chimayambitsa mtundu wa khunyu woyambira mbali imodzi, ndipo mtundu umenewu ukhoza kuoneka ngati kungouma n'kuyang'ana. Mankhwala ake odziwika ndi carbamazepine, ndipo tinali nawo. Ndinalemba theka la piritsi la 200 mg kawiri patsiku, kenako piritsi lathunthu kawiri patsiku pakapita masabata awiri.

Chimene sindinachite ndi kumupumitsa mpweya mofulumira kwa mphindi zitatu kuti ndione ngati auma, kuyeza kosafuna ndalama kapena makina, kumene tinaphunzira tonse kusukulu. Tsikulo mzere unali utafika pakhonde. Sindikudziikira kumbuyo, ndikungonena mmene zinalili.

Patatha masabata 6 anabwerera, ulendo uno ndi agogo omwe. Kuuma kuja kunali kutachuluka. Tsiku lina anaima pakati pa msewu ndowa ili pamutu, wakabaza n'kumuzemba mwamwayi. Mmawa wina anadzuka wozunguzika, akuyankha mochedwa ngati woledzera, n'kukhala choncho kopitirira ola. Apa mtima unandigunda, chifukwa pali mtundu wa khunyu umene carbamazepine amauwonjezera mphamvu m'malo mouchepetsa. M'mabuku a zachipatala umatchedwa absence. Umayamba mwana ali ndi zaka zapakati pa 4 ndi 10, umakonda atsikana, sugwetsa munthu, umangomudula maganizo kwa masekondi angapo, ndipo ukhoza kubwera maulendo makumi angapo patsiku. Mtundu woyambira mbali imodzi uja umatenga nthawi yotalikirapo, mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo munthu akatsitsimuka amakhala wosokonezeka kapena watulo. Mayi aja anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti mwana amapitiriza kudya nthawi yomweyo. Mawuwo ndinawamva koma sindinawagwiritse ntchito.

Chipewa chija

EEG ndi kujambula timagetsi timene maselo a ubongo amatulutsa akamagwira ntchito. Woyamba kujambula pa munthu anali Hans Berger, dokotala wa ku Jena ku Germany, mu 1924, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1929. Timagetsiti ndi tofooka kwambiri. Batire la tochi lili ndi 1.5 volt, pamene zimene zimafika pakhungu la mutu zimayezedwa mu microvolt, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo miliyoni a volt imodzi, ndipo nthawi zambiri sizipitirira 100. Makina a kuchipatala chachikulu amagwiritsa ntchito timabatani pafupifupi 21, toikidwa pamutu motsatira muyezo wotchedwa 10-20, ndipo amafuna kompyuta, magetsi odalirika ndi katswiri wake. Kwa ife kuno, mwana wofunika EEG amatumizidwa ku Blantyre. Kwa mayi wolipidwa malinga ndi makilogalamu a tiyi amene wathyola tsikulo, ulendowu ndi thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, chakudya cha panjira, ndi malipiro a masiku amene wajomba. Ambiri amavomera m'chipinda muno koma osapita.

Zida za pa foni zinabwera pofuna kudula mtunda umenewu. Chodziwika bwino ndi Smartphone Brain Scanner, chimene chinapangidwa ku Technical University of Denmark ndipo chinayesedwa pa odwala khunyu ku Bhutan ndi ku Guinea ndi gulu lotsogoleredwa ndi Farrah Mateen wa ku Massachusetts General Hospital. Chathu ndi cha mtundu wofananako, ndipo anatibwereka ofufuza ena amene akufuna kuona ngati ogwira ntchito ngati ife tingachikwanitse. Ndi chipewa chotamuka, timabatani 14, ndi kabokosi kakang'ono ka batire kamene kamakulitsa timagetsi tija n'kutumiza ku foni popanda waya. Foni imaonetsa mizere ndi kusunga. Siwerenga, siuza munthu matenda. Kuwerenga ndi ntchito ya dokotala wa za ubongo amene ali kutali, ndipo timamutumizira pa intaneti.

Nditatulutsa chipewacho m'chikwama, agogo anamukokera mwana kumbuyo kwawo.

Aliyense wogwira ntchito za umoyo kuno amakumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinawirira m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu angapo n'kuphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Tsono ine ndaima apa ndi chipewa chamawaya, foni, ndi sirinji yodzadza ndi phala loyera. Sirinjiyo ilibe singano, ntchito yake ndi kuthira jelo pansi pa timabatani kuti tigwirane ndi khungu, koma agogo anali asanadziwe zimenezo.

"Mwanangu, chimenechi chikukatenga chiyani m'mutu mwa mdzukulu wanga?"

Ndinawapatsa sirinji ija m'manja kuti aione okha, n'kufinyira jelo pang'ono padzanja pawo. Kenako ndinavala chipewacho ine mwini, anamwino n'kundithira jelo, foni n'kuwagwiritsa agogowo. Ndinawapempha kuti ayang'ane mizere iwiri yapansi. Ndikatsinzina, mizereyo imapanga mafunde osalala, pafupifupi khumi pa sekondi, amene Berger anawatcha alpha. Ndikatsegula maso, mafundewo amazimirira. Tinabwereza kanayi. Ndinawauza kuti chipewa sichilowetsa magetsi, sichitulutsa magazi, ndipo sichidziwa zimene munthu akuganiza, chimangomvetsera monga mmene timamvetserera mtima pachifuwa. Anandifunsa ngati mutu ukundipweteka. Nditati ayi, anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, "Muvekeni, koma ine ndikhala pompano." Zimenezi zinatidyera theka la ola, ndipo tsitsi langa linakhala lomata mpaka madzulo.

Kujambula

Poyamba mizere inangokhala phokoso lokhalokha. Tsitsi la mwana linali lalifupi monga amametera kusukulu, zimene zimatithandiza kwambiri, koma mmawawo anali atamudzoza Vaseline m'mutu pokonzekera ulendo wa kuchipatala. Mafuta amatchinga timagetsi. Tinavula chipewa, n'kumusambitsa m'mutu ndi sopo pampopi wa panja, n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri mizere yonse inali yokhuthala ngati yolembedwa ndi makala. Ndinali nditasiya foni pa chaja. Magetsi a m'makoma mwathu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kunjenjemera kumeneko kumalowa m'mawaya n'kuphimba zonse. Nditazula chaja mizere inayera. Anzanga amaseka ndikanena kuti iyi ndi ntchito yokhayo pachipatala imene imayenda bwino magetsi akazima.

Zotsala zinali zachizolowezi: kuphethira kumakankha mizere yakutsogolo, kukukuta mano kumadzadza mizere ya m'mbali, thukuta limayendetsa mizere pang'onopang'ono ngati bwato. Mwana atakhazikika n'kutsinzina, kumbuyo kwa mutu kunaoneka alpha wa mafunde 9 pa sekondi, wofanana mbali zonse ziwiri, zoyenera msinkhu wake.

Ndisanamupumitse mofulumira ndinafunsa za mphumu, matenda a mtima ndi sickle cell, chifukwa mwana wa matenda amenewa sitimuyeza mwanjira imeneyi. Panalibe. Ndinang'amba kapepala kakatali m'kope, n'kukagwira patsogolo pa kamwa pake.

"Iwe, uuzire kapepalaka kasagwe pansi. Ukamauzira uziwerenga, wamva?"

Anauzira mwakhama, akuwerenga monong'ona. Atafika pa 47, patatha pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, kapepala kanagwa. Milomo inatsala yotsegula, zikope zikugwedera pang'ono, maso ali pakhoma koma osaona kanthu. Pa foni, mizere yonse 14 inadumpha nthawi imodzi: kansonga kakuthwa, funde lalikulu, kansonga, funde, katatu pa sekondi iliyonse, zazitali moti zinkalowerana. Ndinatchula mokweza kuti "nthochi". Patatha masekondi 11 mizere inagwa pansi mwadzidzidzi monga inayambira, mwana n'kunena kuti "48" n'kupitiriza kuuzira. Nditamufunsa mawu amene ndinatchula, anati adokotala simunanene kanthu.

Mayi ake anali ataimirira kumbuyo kwanga, akuyang'ana foni ndi mwana mosinthanasinthana. Anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti sachita dala?" Ndinati sachita dala, ndipo pa nthawi imeneyo samva ngakhale dzina lake. Anatuluka panja kwa kanthawi.

Tinajambula mphindi 25. Kuuma kooneka ndi maso kunachitika katatu. Pobwereza kuyang'ana pambuyo pake ndinapezanso kena ka masekondi 4 kamene tonse anayi m'chipindamo sitinakaone.

Fayilo timaitumiza ndi nambala, osati dzina, kudzera pa pulogalamu ya ofufuzawo, osati pa WhatsApp. Netiweki ya masana inakana, inadzapita usiku. Yankho linabwera patatha masiku awiri: dokotala wa za ubongo anavomereza kuti ndi absence ya ana, koma anachenjeza kuti timabatani tiwiri ta mbali ya kumanzere sitinagwire bwino, motero za mbali imeneyo sanganenepo kanthu. Malo ake ndi pamene panali mphini paja, ndipo ndikuganiza kuti ndinaopa kukanikiza.

Chithandizo

Sindinadikire yankholo kuti ndiyambe kusintha. Mankhwala oyamba a absence m'mabuku ndi ethosuximide, koma ine sindinawaonepo pa shelefu ya famase iliyonse imene ndagwirako. Phenobarbitone, amene ali paliponse ndipo amapulumutsa anthu ambiri ogwa, pa mtundu uwu sathandiza. Otsala ndi sodium valproate. Tinayamba ndi 200 mg madzulo, sabata yachiwiri 200 mg kawiri patsiku, kenako 200 mg mmawa ndi 400 mg madzulo, zimene ndi pafupifupi 26 mg pa kilogalamu. Carbamazepine tinamuchepetsa pang'onopang'ono kwa masabata atatu, osati kumudula tsiku limodzi. Ndinawauza mayi kuti masabata oyambawo asataye mtima, poti carbamazepine amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, valproate yemwe, ndipo mphamvu yeniyeni imaoneka iye akachoka m'thupi. Khalidwe lomweli ndi limene limatipangitsa kuyeza HIV tisanalembe carbamazepine, chifukwa amatsitsanso dolutegravir amene ali mu ma ARV a masiku ano.

Ndinawalembera m'buku zizindikiro zobwerera nazo msanga: kusanza kosalekeza, kupweteka kwambiri m'mimba, maso achikasu, kufooka, kutuluka magazi m'mphuno kapena mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake. Za kunyumba tinagwirizana kuti asakatunge madzi kapena kusamba kumtsinje yekha, asakhale pamoto yekha, asakwere mumtengo. Kwa aphunzitsi ndinalemba kalata yachidule, yoti mwanayu akaima asamumenye, angobwereza funso, ndipo matendawa sapatsirana kudzera m'malovu, m'mpweya kapena pogawana kapu.

Pa mwezi woyamba mayi anati kuuma kwatsika kufika kawiri kapena katatu patsiku. Pa mwezi wachitatu anati papita masabata asanu osaona kanthu. Tinamuvekanso chipewa, agogo ali ogwira foni, n'kuuzira kapepala mphindi zitatu zathunthu kawiri. Mizere sinadumphe. Analemera makilogalamu 25, ndipo amadya kwambiri, zomwe valproate amachita. Kope lake ndinaliona: ziganizo zikufika kumapeto.

Zimene ndikuganiza pa chida chimenechi

Ndikuopa kuti wowerenga angatengepo zoti foni yayamba kuyeza khunyu. Absence ndi mtundu wophweka kwambiri kuugwira ndi chida chotere. Umagwira ubongo wonse nthawi imodzi, mafunde ake ndi aakulu, ndipo ukhoza kuuitana ndi kapepala. Ngakhale timabatani tinayi tikanauona. Mitundu yoyambira pakadera kakang'ono, makamaka mkati mwa mbali za ubongo, ndi ina. Pa kafukufuku wa ku Bhutan wofalitsidwa mu 2017, wa anthu 205, chida cha pa foni chinagwira pafupifupi 4 mwa 10 alionse amene makina aakulu anawapeza ndi zizindikiro za khunyu. Chikanena kuti chaona, nthawi zambiri chinkanena zoona, koma chinkaphonya ambiri. Ndipo makina aakuluwo nawonso, pojambula koyamba kwa theka la ola, amaona zizindikiro mwa pafupifupi theka lokha la odwala khunyu enieni, chifukwa pakati pa kugwa ndi kugwa ubongo ukhoza kuoneka wabwinobwino.

Ndakumana nazo kale. Bambo wina wa ku Thyolo, wokhala ndi zipsera za moto pamkono ndipo mkazi wake anafotokoza kugwa kwake mosasiya chikayiko, anajambulidwa ndi chipewa chomwechi mizere n'kutuluka yoyera. Achibale anasangalala kuti makina anena kuti wachira, asiye mankhwala. Ndinatha nthawi yaitali kuwabweza kuposa imene ndinatha ndi agogo aja. Chiyambire tsiku limenelo ndimanena ndisanaveke munthu chipewa kuti chikapanda kuona kanthu mankhwala sasintha.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu padziko lonse, pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakati, ndipo mpaka 70 mwa 100 akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Liwu lovuta pamenepo ndi "oyenera". Ambiri mwa odwala athu safunika EEG kuti ayambe mankhwala, amafunika mboni yofotokoza bwino ndi mankhwala osatha pa shelefu. Chipewa ndimachitulutsa pamene mtundu wa khunyu ukundisokoneza ndipo kusankha molakwa kungavulaze, ngati mmene zinalili apa. Kunena chilungamo, kapepala kokha kakanandiuza zimenezi tsiku loyamba. Chimene foni inawonjezera ndi umboni wolembedwa umene katswiri angautsimikize, kuuma kwa masekondi 4 kuja kumene maso anaphonya, ndi zimene mayi ndi agogo anaona okha. Sindikukhulupirira kuti agogo aja akanalola mdzukulu wawo kumwa mapiritsi atatu patsiku kwa zaka chifukwa cha mawu anga okha, makamaka mankhwala anga oyamba atamudwalitsa.

Zotsala

Ana ambiri a absence amasiya akamafika paunamwali. Akatha zaka ziwiri osauma, tidzajambulanso ndi kuganizira zochepetsa mankhwala pang'onopang'ono. Nthawi imeneyi ndikuiwerengera mosamala chifukwa valproate ndi woopsa kwa mwana wosabadwa: pafupifupi mmodzi mwa 10 amabadwa ndi chilema, ndipo ochulukirapo amachedwa kukula nzeru. Mtsikanayu adzakhala ndi zaka 10 kapena 11. Ndawauza kale mayi ake, ndipo ndalemba ndi inki yofiira pachikuto cha buku lake kuti amene adzamuone ine kulibe asadzangopitiriza mankhwalawa osaganizira zimenezi. Valproate sapezeka mwezi uliwonse, choncho akakhalapo ndimamulembera wa miyezi iwiri, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo ali ndi tsiku lake lobwerera.

Ulendo wapitawu agogo anabwera ndi mwana wa mnansi wawo, mnyamata wa zaka 6, amene akuti nayenso amangoti ndwii, ndipo anapempha okha kuti avekedwe chipewa. Tamulembera Lachinayi likudzali, ndawauza kuti asamudzoze mafuta m'mutu. Chipewacho eni ake adzachitenga kafukufuku wawo akatha. Timapepala ndadula kale tambiri, tili m'kabati ya tebulo langa pamodzi ndi makina oyezera BP.